Ndinasiya Mdzukulu Wanga pa Msika wa Chonde

Abusa ndi amayi busa, akulu a mpingo, amayi anzanga, achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, ndakupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Aleluya! Iii, Amen yanuyo yafooka. Mukukhala pakati pa minda ya tiyi koma simunamwe tiyi m'mawa uno? Aleluya! Eya, imeneyo ndiye Amen.

Kwa alendo amene simundidziwa, ine ndine amake Tamanda. Ndimathyola tiyi ku esiteti, timakhala kumalayini a kampani. Bambo akunyumba ndi awo avala jekete yakuda, akuyang'ana pansiwo. Lero ndapempha mpata kuti ndichitire umboni zimene Mulungu wandichitira. Ndikalira pakati mundipirire, ndimaliza ndithu.

Ambiri a inu mbali ina ya nkhaniyi mukuidziwa, chifukwa munkandiona ndikugwa pompano, kutsogolo kwa guwali. Ena munkanditchula kuti amayi a ziwanda aja. Sindikunena mokwiya ayi. Inenso mumtima ndinkadzitchula chomwecho.

Matenda anga anali otere, abale anga: ndinkasowa ndili pomwepo. Thupi lili pano, likuyenda, likuyankhula, koma mwiniwake kulibe. Ndili m'munda m'mawa, dengu kumsana, manja akuthyola nsonga za tiyi, mame adakali m'masamba. Kungophethira, ndapezeka ndakhala pakhonde kunyumba, dzuwa lapendeka, ndavala zovala zina zimene sindinavale m'mawa. Pakatipo palibe kanthu. Si tulo ayi, chifukwa wogona amadziwa kuti anagona. Zinali ngati munthu wabwera ndi sizasi, wadula tsikulo pakati, n'kulumikiza m'mawa ndi madzulo.

Ndiye anthu ndi amene ankandiuza zimene ndachita. "Amake Tamanda, lero mwawatukwana akapitawo pa sikelo, mawu anu anali ngati a mwamuna." Ine? Ine amene ndimachita manyazi ngakhale kupempha mchere kwa aneba? Tsiku lina bambo akunyumba akuti, "Ndakupezani pansi pa tebulo, manja mwapinda kumbuyo, mukulira ngati kamwana, mukuyankhula Chilomwe." Iwo ndi Mngoni wa ku Ntcheu, Chilomwe samva. Inenso Chilomwe ndinachisiya ndili wamng'ono, lero mutandifunsa ndingadziwe moni basi. Nanga ankayankhula m'kamwa mwangamo anali ndani? Nthawi zina sindinkatukwana, sindinkalira, ndinkangouma ngati chitsa, maso tong'o, kundiitana osayankha, kunditsina osamva.

Zimenezi ndinakhala nazo kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinkazibisa. Ndinaphunzira kuseka n'kunena kuti, "Aa, ine ndiye wamaiwala." Bambo akunyumba ankapita kukandipepesera kuntchito, ankapita kukandipepesera kwa aneba. Tinkangokhala choncho.

Koma linafika tsiku limene sizinabisike.

Mwana wanga Tamanda, uyo wakhala ku kwayayo, ali ndi mwana wamwamuna, mdzukulu wanga woyamba. Nthawi imeneyo anali asanayambe kukwawa. Loweruka lina Tamanda anali ndi zochapa zambiri, ine ndimvekere, "Bwera naye ndimubereke, ndikupita ku Chonde kukagula usipa ndi sopo." Anandipatsa. Ndinamubereka bwinobwino, nsalu ndinamanga zolimba. Ndikukumbukira ndikutsika minibasi. Ndikukumbukira fungo la nanazi. Ndikukumbukira bambo wina akumanga mbuzi pa keliyala ya njinga, miyendo yake ataiphatikiza pamodzi, akukoka chingwe, mbuzi ikulira. Ndinayang'ana chingwe chija. Basi. Za pa Chonde zimene ndikukumbukira zathera pamenepo.

Pamene nzeru zinkabwerera, ndinali ku Muloza. Ku boda ya Mozambiki, abale anga! Akabaza andizungulira, "Mayi, Milanje? Tipite Milanje?" Nsapato ndilibe, dzuwa lapendeka. Ndinakwera chiyani, ndinafika bwanji, mpaka lero sindidziwa. Ndinatembenuzira dzanja kumbuyo monga timachitira ife amayi, kuti ndimukweze mwana. Kumsana kulibe kanthu. Nsalu yokha, yomasuka, ikulendewera m'chiuno.

Amayi anzanga, inu mukundimva. Msana wopepuka umene uja sindidzauiwala.

Ndinakuwa, ndinagubuduka pafumbi. Mayi wina wogulitsa nyemba, amene kale tinkathyola naye limodzi tiyi, anandizindikira n'kuimbira foni bambo akunyumba. Mawu oyamba amene bambowo ananena anali akuti, "Muwauze kuti mwana wapezeka." Mulungu ndi wabwino, abale. Mwanayo anamupeza pakhonde pa telala wina pa Chonde pomwepo, akuyamwa chala, alibe ngakhale kachilonda. Telalayo anati kunabwera mayi, anamugoneka, anayankhula ngati kamwana, n'kuthamanga.

Nditafika kunyumba, Tamanda sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anali atakumbatira mwana wake, maso atatupa, anangonena motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndimakukondani. Koma mwana wanga musadzamunyamulenso." Ndinavomera ndi mutu. Ankanena zoona. Kuyambira tsiku limenelo mdzukulu wanga akanditambasulira manja, ine ndinkapinda anga n'kuyang'ana kumbali.

Mpingo uno simunandisiye, zimenezo ndinene poyera. Munasala kudya chifukwa cha ine. Munakwera phiri kukandipempherera. Munkandiika pakati, kundizungulira, kufuula kuti, "Tuluka! Tuluka!" Abambo amphamvu ankandigwira manja kuti ndisadzipweteke. Chinali chikondi chimenecho, ndikudziwa. Koma mukangondigwira manja n'kuwakokera kumbuyo, ine ndinkachokeratu, ndipo kulira kunkakula. Inu n'kumati ziwanda zikukana kutuluka. Ine n'kumati ndiye kuti ndine woipa kwambiri, ngakhale dzina la Yesu likulephera pa ine.

Lachinayi lina pa mapemphero a amayi zinandigweranso. Zimene ndinene apazi ndinachita kuuzidwa. Akuti amayi busa anakweza dzanja n'kunena kuti, "Tasiyani kaye. Musamugwire." Anagwada pambali panga n'kutchera khutu. Mukudziwa kuti amayi busa athuwa Chilomwe amachimva bwino. Atadzuka misozi ili chuchuchu, anapita kwa abusa. "Abusa, za ziwanda ine sindidziwa zambiri, koma kulira kwa mwana ndimakudziwa. Amene akuyankhulayu sakutukwana Mulungu. Akupepesa. Akuti ndimasuleni, sindidzachitanso, si ine ndinapha amayi."

Abusa anatiitana kunyumba kwawo ine ndi bambo akunyumba. Anati, "Mayi, kupemphera sitisiya. Koma Mulungu amene anapatsa anthu nzeru zolumikiza mafupa, anapatsanso ena nzeru zochiza maganizo. Mupite kuchipatala." Ine ndinakana. Ndinati, "Abusa, akanditsekera ndi amisala, akandimanga." Iwo anati, "Ndikuperekezani ndekha. Akafuna kukumangani ayambe amanga ine." Abusa, mukukumbukira? Zikomo, bambo.

Kuchipatala anayamba andiyeza magazi, anandiyezanso ngati ndili ndi khunyu, sanapeze kanthu. Kenako anatitumiza ku Blantyre kwa dokotala wa za maganizo. Ndinkayembekezera bambo wamkulu wa jakisoni m'manja. Ndinapeza mayi wamng'ono kwa ine, wa magalasi, wa Kumpoto, atakhala m'chipinda chimene munali mipando yambiri kuposa anthu. Sanandibaye, sanandimange. Anandifunsa kuti ndikufuna kukhala mbali iti, ndiponso ngati chitseko chikhale chotsekula. Ndinati chikhale chotsekula. Anachisiya chotsekula.

Anandimvetsera maulendo angapo asananene kanthu. Kenako anati, "Mayi, matenda anuwa amadziwika, ndipo si inu nokha amene muli nawo. Mwana akakumana ndi zoopsa zimene sangazithawe ndi miyendo, amathawa ndi maganizo. Maganizowo amagawikana. Mbali ina imasenza mantha, ina imasenza mkwiyo, ina imangozimitsa zonse kuti ululu usamveke. Simunalowedwe ndi alendo. Onsewo ndi inu nomwe. Anagawana katundu amene mwana mmodzi sakanatha kumusenza yekha."

Moyo wanga wonse ndinkafuna zinthu zimenezi zituluke. Uyu akundiuza kuti palibe wotuluka, onse ndi apakhomo.

Anati atithandiza ndi njira ina yochizira yotchedwa sikima. Ine kuyang'ana bambo akunyumba, ndimvekere, "Sikimu? Atipatsa munda wa mpunga?" Adokotala anaseka mpaka anavula magalasi. "Ayi mayi. Sikima ndi zimene munthu anakhulupirira za iye mwini ali mwana, chifukwa cha mmene ankamusungira. Wina anakhulupirira kuti ndine woipa. Wina anakhulupirira kuti aliyense wondiyandikira adzandipweteka. Zimakhala ngati kanjira ka m'munda wa tiyi: mwadutsapo kambirimbiri, ndiye miyendo imangolowera komweko yokha. Ntchito ya ine ndi inu ndi kuponda kanjira kena. Zitenga nthawi."

Zinatengadi nthawi. Miyezi yoyambirira sitinakhudze n'komwe za kale. Ankandiphunzitsa kudziwa zikamabwera. Ndinazindikira kuti zisanandigwere, makutu amachita ngati ndamira m'madzi, zinthu zimaoneka patali. Ndikamva choncho, ndiponde pansi mwamphamvu, nditchule zimene ndikuona, mtengo uwo, dengu ilo, phiri ilo, kenako ndinunkhize tsamba la mandimu limene ndimamanga pansonga ya chitenje. Mwakhala mukundiona ndikufwenkha mphuno ndi chitenje m'tchalitchi muno, si chimfine ayi.

Tinazipatsanso mayina mbali zanga zija, kuti tizitha kukambirana. Wolira uja tinamutcha Kamwana. Wotukwana uja tinamutcha Mlonda. Wouma uja, Chitsa. Ndiye panali mawu ena amene sanali mbali yofunika kuisamala ayi. Ankandinong'oneza tsiku ndi tsiku kuti, "Ndiwe mfiti. Chilichonse chimene ungagwire chimafa." Adokotala anandifunsa kuti, "Mawu amenewo akufanana ndi a ndani?" Apo m'pamene za kale zinayamba kutuluka, pang'onopang'ono, ngati mafinya.

Amayi anga anali a ku Mozambiki, kuseri kwa Milanje. Anamwalira ndili wamng'ono, mano akutsogolo asanaguluke. Abale awo anali kutsidya, nkhondo ili mkati, panalibe wobwera kudzanditenga. Bambo anga anakwatira mkazi wina m'mudzi mwathu momwemo, kufupi ndi Muloza, iwo n'kumagonera kuntchito, kubwera mwa apo ndi apo. Mayi ondipezawo, khanda lawo loyamba litamwalira ndi malungo, anati mfiti ndine. Anati ndinadya amayi anga, tsopano ndadya mwana wawo. Ankandimanga manja kumbuyo ndi chingwe cha mbuzi, n'kundisiya m'khola tsiku lonse kuti ndiulule. Ndiulule chiyani, abale anga, kamwana kosadziwa ngakhale kukoleza moto? Ndikalira m'Chilomwe cha amayi anga, ankati ndikuitana afiti anzanga. Ndiye ndinachisiya Chilomwe. Ndinasiyanso kukhalamo m'thupimo akamandimanga. Ndinkangochoka.

Tsiku lina adokotala anakoka mpando wopanda munthu n'kuuika patsogolo pathu. Anati, "Mawu aja okutchulani mfiti, tiyeni tiwakhazike apa." Sindinathe kuuyang'ana mpandowo. Iwo anaimirira, kamayi kakang'ono kaja, n'kuyankhula ndi mpando ngati pali munthu. "Mwanama. Mwana sapha mayi ake. Khanda lija linafa ndi malungo. Amene ankafunika kuchita manyazi ndi wamkulu womanga mwana, osati mwana womangidwa. M'chipinda muno mulibe malo anu." Anaunyamula mpando uja n'kukauika panja pakhonde.

Mukhoza kuseka, mpando ndi mpando. Koma chibadwire changa ndinali ndisanamvepo munthu akundiyankhira. Palibe amene anaimapo pakati pa ine ndi mawu aja. Ndinalira ngati ndaferedwa. Panapita miyezi kuti ine mwini nditsekule pakamwa pamaso pa mpando umenewo. Tsiku limene ndinatha, mawu anga anali ang'ono ngati a nkhuku yonyowa, ndinangoti, "Si zoona." Adokotala anati, "Bwerezani." Ndinabwereza mpaka anamva a pa benchi panja.

Mlonda uja ndinkadana naye, chifukwa ndi amene ankandichititsa manyazi. Koma adokotala anamukhazika pampando wake n'kumuthokoza. Anati, "Munamuteteza mwanayu pamene panalibe wamkulu womuteteza. Mwagwira ntchito yaikulu, ndipo mwatopa. Koma akapitawo si mayi aja. Aneba si mayi aja. Tsopano pali munthu wamkulu pakhomo, mumulole aziyankha yekha." Munthu wamkuluyo ankanena ine, amake Tamanda. Ndinali ndisanadziwe kuti ndine wamkulu.

Chovuta kwambiri chinali kubwerera m'khola muja. Osati ndi miyendo ayi. Ndinkatsinzina, n'kuliona m'maganizo: fungo la ndowe, kuwala kolowera m'mipata ya mitengo, kamwana kali pakona manja kumbuyo. Ulendo woyamba ndinangofika pakhomo la khola n'kuuma. Adokotala anandibweza, tinaponda pansi, tinanunkhiza mandimu, tinasiyira pomwepo. Ulendo wina anandifunsa kuti, "Mundilola ndilowe nanu?" Ndinavomera. "Mukufuna ndaninso?" Ndinati bambo akunyumba aime pakhomo, amayi busa aime mbali inayo. "Nanga m'manja mwanu muli chiyani?" Ndinati mpeni wothenera tiyi. Anati, "Chitani chimene mwanayo akufuna."

Ndinalowa. Ndinagwada. Ndinadula chingwe.

Kamwanako sikanandikhulupirire, kanafunyirira kukona, kakupepesa m'Chilomwe. Ndipo ulendo umenewu ndinkakamva ine mwini, sindinachoke. Ndiye ndinamva adokotala, munthu wa Kumpoto, akunena mawu amodzi a Chilomwe amene anachita kukafunsa kwa amayi busa. Anati, "Mwanaka." Ndiye kuti mwana wanga. Amayi anga ankandiitana choncho. Ndinawabwereza mawuwo ndi pakamwa panga, mwanaka, mwanaka. Kamwana kaja kanabwera. Ndinakabereka kumsana, tinatuluka. Adokotala anandifunsa kuti tikupita nako kuti. Ndinati kwathu kumalayini, ndikakasambitse, ndikakadzoze mafuta m'mikono momwe munadutsa chingwe, ndikakapatse chinangwa ndi tiyi wamkaka.

Adokotala anandiuza mosabisa kuti zimenezi sizifafaniza zimene zinachitika. Zinachitika ndithu. Koma mwana amene anatsala m'khola muja ankayembekezerabe munthu wobwera kudzamumasula, ndipo tsopano wabwera.

Ndisakunamizeni kuti kuchokera pamenepo zinangoyenda myaa. Ayi. Sabata ina ndikuchokera ku Blantyre ndekha ndinasowanso, ndinakapezeka pa Nkando nditakhala pansi pa mtengo, osadziwa kuti ndinatsika bwanji minibasi. Ndinafika kunyumba nditataya mtima. Ndinati, "Bambo, basi, sindipitanso. Mwavutika nane mokwanira. Mundibweze, mupeze mkazi wathunthu." Iwo anali akukonza tcheni cha njinga pakhonde. Sanadzutse n'komwe mutu. Anati, "Ndikubwezeni kuti? Ine ndinakwatira nonsenu. Inuyo, kamwanako, ndi mlonda wotukwanayo. Palibe amene akuchoka pakhomo pano. Lachiwiri tikupita."

Bambo awa, musawaone kufatsa. Nawonso anaphunzira. Kale akandipeza pansi pa tebulo ankandikoka kuti ndituluke. Tsopano amakhala pansi poteropo, manja awo pamawondo kuti ndiziwaona, n'kumayankhula pang'onopang'ono. "Muli kwanu. Chitseko n'chotsekula. Palibe amene akumangeni. Mukafuna kutuluka mutuluka nokha." Bambo wamkulu wa imvi, kukhala pasimenti, kuyembekezera. Bambo a Tamanda, tadzutsani mutu anthu akuoneni. Mulungu akudalitseni.

Pang'ono ndi pang'ono makoma a m'kati mwanga anayamba kuphwasuka. Ndinayamba kumva Kamwana akaopa, ndisanachoke. Ndinkagwira pachifuwa n'kumuuza kuti ndili pano. Tsiku lina pa sikelo akapitawo anandikalipira kuti ndasakaniza masamba okhwima. Ndinamumva Mlonda akudzuka. Ndinamuuza chamumtima kuti dikira, ndiyankha ndine. Ndinati, "Akapitawo, ndamva, ndisankha. Koma musandikalipire pagulu, ndine munthu wamkulu." Anzanga anayang'anana. Akapitawo anangoti, "Chabwino mayi." Madzulo ake ndinawafotokozera bambo akunyumba tsiku lonse, kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, popanda podumpha. Tinaseka ngati ana.

Kenako adokotala anapempha kuti Tamanda abwere nafe. Mwana wanga sazungulira. Anafunsa kuti, "Adokotala, mundiuze zoona. Angadzamusiyenso mwana wanga?" Adokotala sanamunamize. Anati, "Sindingalonjeze kuti sizidzawagweranso. Koma tsopano amazimva zikamabwera, ndipo amadziwa chochita. Tandiuzani, tsiku lija mwana munamupeza ali bwanji?" Tamanda anaganiza, anati, "Anali pamthunzi. Kumutu anamuikira nsalu yopinda. Miyendo anamufunditsa." Atangomaliza kunena anagwira pakamwa. Adokotala anati, "Amene anamugoneka anali mwana wogwidwa ndi mantha aakulu, wokhulupirira kuti chimene wagwira chimafa. Komabe sanamutaye pamsewu. Zimenezi sizikuchotsa mantha anu, ndipo mwana ndi wanu. Muyambe pamene mtima wanu ukulola."

Tinayamba pang'ono. Ndinkamunyamula mdzukulu wanga, Tamanda ali pomwepo. Kenako mpaka pa mjigo n'kubwerera. Ndinamulonjeza kuti tsiku limene makutu akundivuta ndizinena, ndipo ndimanenadi, iye n'kumutenga popanda kukwiya. Lero mnyamatayo akuthamanga, ndi uyo akusokoneza ku Sande sukulu. Ndimamuberekabe ngakhale miyendo yake ikundimenya m'mawondo. Anthu amati agogo mumulemaza mwanayo. Asiyeni anene.

Tsopano chimene chandiimika pano lero ndi ichi. Mwezi wathawu kunabwera uthenga woti mayi ondipeza aja amwalira. Bambo anga anatsogola kale. Palibe amene anandikakamiza kupita. Ndinakambirana ndi adokotala, ndinapemphera, ndinati ndipita. Bambo akunyumba anandiperekeza.

Mudzi uja ndinauona waung'ono. Pamene panali khola panamera chinangwa. Ndinakhala pa maliro ndi amayi anzanga, ndinaimba nawo, ndinapita nawo kumanda. Mukandifunsa ngati ndinawakhululukira mayi aja, sindinama pamaso pa guwa: ndikuphunzira. Ndawapereka m'manja mwa Mulungu, Iye ndi amene akudziwa chimene chinawasandutsa otero. Koma sindinachoke, abale. Makutu anayamba, ndinaponda pansi, ndinakhala.

Anthu akubalalika kumanda kuja, mayi wina wokalamba amene anali neba wathu anandigwira chitenje. Anati, "Ndiwe mwana wa malemu uja wa ku Milanje? Ndinkakumva ukulira m'khola muja. Ndinkaopa kulowerera za pakhomo pa eni." Nthawi zina ndinkadzikayikira kuti mwina ndinazilota. Apa panali munthu amene anamva ndi makutu ake. Kenako anati, "Amako ali apo. Unaonetsedwapo?" Ndinali ndisanaonetsedwepo. Ankati mfiti siyandikira manda a amene inamudya.

Kanali kamtumbira kotitimira, kopanda mtanda, udzu thoo. Ndinagwada n'kuyamba kuzula udzu ndi manja. Bambo akunyumba anagwada mbali inayo, nawonso akuzula. Titamaliza ndinati, "Amayi, ndine. Ndakula. Ndili ndi mwamuna wabwino, ndili ndi mwana, ndili ndi mdzukulu. Si ine ndinakuphani, amayi. Munangodwala." Ndiye ndinamva Kamwana akulira m'kati mwanga, inenso ndikulira, koma sikunali kulira kwa anthu awiri ayi. Kunali kulira kumodzi. Mwana wamasiye mmodzi akulira mayi ake, mochedwa, koma akulira yekha ndi maso ake.

Ku Blantyre ndikupitabe, ngakhale tsopano ndi mwa apo ndi apo. Sindikunena kuti zatheratu. Ndiye ndikupempheni, abale anga. Mukadzandiona ndauma kapena ndikulira ngati mwana, musandigwire manja, musandifuulire. Khalani pafupi, munditchule dzina mofatsa, mundiuze kumene ndili, ndipo muzipemphera chamumtima. Mulungu si wogontha. Ndiponso ngati pakhomo panu kapena kwa aneba pali mwana amene akutchulidwa mfiti, musanene kuti ndi za eni. Lowererani. Chonde, lowererani.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiona m'khola muja pamene panalibe wondiona, ndipo anasunga mdzukulu wanga pakhonde la mlendo. Ndikuthokoza amayi busa chifukwa chogwada n'kumvetsera. Ndikuthokoza abusa chifukwa sanachite manyazi kutengera nkhosa yawo kuchipatala. Adokotala aja sali pano, koma muziwapempherera. Tamanda mwana wanga, zikomo pondipatsanso mwana wako. Ndi inu nonse amene munasala kudya chifukwa cha ine, mapemphero anu sanagwe pansi. Yankho linabwera, kungoti linadzera njira imene sitinkaiyang'ana.

Tsopano taimirirani, abale anga, musandisiye ndikondwere ndekha. Amayi, nthungululu zili kuti? A kwaya, yambitsani ija yothamanga, wang'oma asanyengerere. Bambo a Tamanda, vulani jeketeyo mubwere kuno. Ndivina pakati panu lero, ndipo mawa ndikadzuka ndidzakumbukira kuti ndinavina.

Aleluya! Amen.